Mahampu a pa Chigayo

Mpaka chaka chatha, mukakwela njinga yamoto ku Boma n'kunena kuti, "Ukandisiye pa Chigayo," wanjinga sanali kufunsa kuti chigayo chiti. Anali kukutsitsani kumunsi kwa chitunda cha m'komboni ya Kavuluvulu, pomwe palibe chigayo n'chimodzi chomwe. Pali chisimenti chong'aluka, mabauti anayi adzimbili otulukila m'mwamba, ndi mayi wokazinga vitumbuwa pa mbaula. Mayiyo ndi a Faides, koma ambili amawaitana ndi dzina la kwawo, a NyaZimba.

A NyaZimba anabwela pamalopa kuchokela ku Chikomeni akali mtsikana, atakwatiwa ndi a Misheck, mwini chigayo. Chinali chigayo cha dizilo, chija cholila du-du-du mpaka mano kugwedezeka m'kamwa. Azimayi anali kuchokela kutali ndi matini a chimanga pamutu, n'kukhala pamzele kuyambila m'mamawa. A Misheck anali kutuluka m'kanyumbako ali mbuu ndi ufa mpaka m'zikope. A NyaZimba anali kusesa gaga, kumangila azimayi matumba ndi kuwatwika. Akamakumbuka zaka zimenezo amati, "Pamenepo ndiye ndinali munthu."

Kenaka magetsi anafika kumtunda kwa chitunda. Munthu wina wa ku Chipata, dzina lake Conrad, anamanga chigayo cha magetsi kumeneko, napaka khoma utoto wachikasu, n'kulembapo zilembo zazikulu ngati zitseko: CHIGAYO. Chake chinali kugaya msanga, ufa wosanunkha dizilo. Mzele wa kwa a Misheck unafupika, unafupika, mpaka kunatsala nkhuku zotola gaga. Injini anaigulitsa kwa anthu a ku Magodi, malata anafolelela nyumba. Pasanapite zaka zambili a Misheck anadwala chifuwa n'kumwalila, mwana woyamba Uchizi ali ndi zaka zinayi, wachiwili Linah akali m'mimba.

Koma dzina silinapite ndi injini. Anthu anapitiliza kunena kuti "pa Chigayo" kutanthauza kumunsi, kumtunda n'kumangoti "kwa Conrad". Chimenechi chinali kuwakomela a NyaZimba mumtima, ngakhale sanali kuuza munthu. Thebulo lawo analiika pomwe panali injini, miyendo yake pakati pa mabauti aja, ndipo m'mawa uliwonse anali kusesa chisimenticho ngati kubwela azimayi ndi matini.

Msewu wodutsa pamenepo kale unali wadothi, maenje okhaokha. Anthu anali kuudandaula tsiku ndi tsiku, osadziwa kuti maenjewo ndiwo anali kuwalelela ana. Galimoto inali kutsika chitunda ngati nkhalamba ya nyamakazi. Zaka zingapo zapitazo anathila tala, anthu anavina, a NyaZimba nawonso analuluta. Tala itauma, chitunda chinasanduka bwalo la mpikisano. Posakhalitsa a khonsolo anagamula kuti malole asamaimenso pa msika wa ku Boma, ati akutseka njila. Aziima m'mbali mwa msewu wa Kavuluvulu, ati kumeneko kuli malo. Malo amene anali kunenawo anali pa Chigayo penipeni. Nyengo yogula chimanga ndi fodya, malole ochokela ku Mwase anali kundandana pamenepo, madalaivala atagona pa masaka pansi pa mimba za malolewo.

Tsono vuto ndi ili. Nyumba zili mbali ino ya msewu. Mjigo ndi kanjila kopita kusukulu zili kutsidya. Mwana aliyense wa kumunsi kuno amaoloka pa Chigayo, ndipo mwana akamatulukila kuseli kwa lole saona chimene chikutsika chitunda, nacho chotsikacho sichimuona.

Linali Lachinayi, mwezi wa Ogasiti, dzuwa litapendeka. A NyaZimba anatuma Uchizi kukatunga madzi otsukila poto. Anamuona akuoloka, chigubu m'manja. Anamuona akubwelela, chigubu pamutu, akulowa pakati pa malole awili. Anatembenuka kuti avuule vitumbuwa m'mafuta. Chimene anamva ndi kuphulika kwa chigubu, phuu! Madzi anayendelela mpaka pa mapazi awo. Wanjinga yamoto amene anamugunda anali atanyamula masaka awili a mtedza. Mabuleki anagwila, koma katundu wolemela pa chitunda samva mabuleki.

Uchizi sanafe. Anthu onse anati tithokoze Mulungu, ndipo a NyaZimba anathokozadi. Koma mwendo wakumanzele unathyoka pawili, ndipo atachotsa pulasitala unapezeka waufupi pang'ono. Mwana amene anali kusiya anyamata m'mbuyo pothamanga tsopano amayenda motsimphina, nsapato imodzi imatha msanga kuposa inzake. Nthawi imeneyo Linah anali ndi zaka zisanu. A NyaZimba anawelenga pa zala: panatsala chaka ndi miyezi inayi kuti nayenso ayambe sukulu. Kuoloka m'mawa, kuolokanso masana, kamwana kosafika n'komwe pamwamba pa tayala la lole.

Ndiwo anayenda khomo ndi khomo kuitana anthu. Lamulungu masana anasonkhana pa chisimenti pomwepo kuti alembe kalata yopempha mahampu, zitunda zija amaika mumsewu kuti galimoto zichepetse liwilo. Wolemba anali a Jones, mphunzitsi wopuma ntchito, amene aliyense amawatchula kuti Asambizgi.

"Monile mose," anayamba a Jones, akupukuta magalasi ndi malaya.

"Yewo!"

"Zonse ndamva. Chatsala chimodzi. Tilembe kuti mahampu akhale pati?"

"Pa Chigayo!" anthu anayankha pamodzi.

A Jones analuma cholembela. "Ine ndinali kuganiza tilembe kuti kumunsi kwa chitunda, moyang'anana ndi mjigo. Kalata ya ku ofesi imafuna chinthu chooneka ndi maso."

"Asambizgi," anatelo a NyaZimba, "mjigo wabwela liti pano? Dzana lomweli. Chigayo chinalipo imwe musanatumizidwe n'komwe pa sukulu iyi. Ndani m'Lundazi muno sadziwa pa Chigayo?"

"Palinso cha Conrad kumtundaku, amama."

"Uko ndi kwa Conrad!"

Pamenepo analowelela a Agatha, mlongo wa malemu a Misheck, amene amagulitsa tomato pambali pa thebulo la a NyaZimba, mayi wosasunga mawu m'kamwa.

"Lembani chabe, Asambizgi. Mukapanda kulemba, mlamu wangayu akukazingani pamodzi ndi vitumbuwa. Mlongo wanga anamusiyila mabauti anayi ndi dzina. Mabauti sazuka, tinayesa. Mufuna mumulandenso dzina?"

Anthu anaseka. A Jones anagwedeza mutu n'kulemba. Kalata yonse anailemba m'Chizungu chawo chosalala, koma pa malo anaika monga anauzidwa: pa Chigayo. Woyamba kusaina anali a NyaZimba. Analemba dzina lawo pang'onopang'ono, chilembo ndi chilembo, lilime lili panja.

Kalatayo inagona ku ofesi chaka ndi miyezi iwili. A NyaZimba anali kuvala chitenje cha kutchalitchi, kusiyila a Agatha mbaula, n'kuyenda wapansi kupita ku Boma kukafunsa. Ulendo wina anawauza kuti komiti sinakhale. Ulendo wina, abwana ali ku msonkhano ku Chipata. Ulendo winanso, bwelani Lolemba. Benchi ya pakhonde anaidziwa mpaka pomwe pali msomali wong'amba zovala. M'miyezi imeneyo pa Chigayo panafa mbuzi ziwili ndi galu, ndipo njinga ya mkulu wina wogulitsa makala inapindika ngati chikwakwa, mwini wake atadumphila m'ngalande.

Mu Okutobala foni ya a Jones inalila. Anali khansala wa dela lino. Ati msonkhano waukulu wa khonsolo wavomeleza mahampu awili, ntchito iyamba Lolemba loyamba la Novembala. Tsiku limenelo a NyaZimba anapatsa ana onse odutsa vitumbuwa vaulele.

Lolemba lija anadzuka kukali kachisisila. Anakanda ufa wochuluka kuwilikiza masiku onse, kuti anyamata a ntchito adye osalipila. Anasesa chisimenti, nasesanso msewu weniweniwo kuchokela ngalande ino mpaka inayo. Kenaka anakhala n'kumadikila. Dzuwa linakwela, kunja kunatentha monga kumatenthela mvula isanagwe. Cha kumasana mphepo yochokela kumtunda inabweletsa fungo la tala yowila. Iwo anati mumtima, ayamba kutenthetsa, atsika tsopano apa.

Amene anatsika anali a Agatha, amene anapita kukagayitsa, ndowa ya chimanga ataiiwala komweko.

"Mlamu, zimitsani moto. Tiyeni mukaone mahampu anu."

"Afika?"

"Afika kalekale. Akumwa maheu kwa Conrad."

A NyaZimba anakwela chitunda osavala ndi nsapato zomwe. Anapeza hampu imodzi yatha kale, yakuda bii, ikutuluka nthunzi, kutsogolo kwenikweni kwa khoma lachikasu lija. Yachiwili anali kuisalaza. Kapitawo wa ntchitoyo, bambo wa chisoti choyela, anali chiimile pa mthunzi ndi pepala m'manja.

"Adada, mwasokela," anatelo a NyaZimba, mpweya ukuwathela. "Si pano. Ndi kumunsi uko, pa Chigayo."

Kapitawo anayang'ana pepala, nayang'ana khoma, nayang'ana mapazi awo afumbi. "Amayi, mumadziwa kuwelenga? Pakhoma apa alemba chiyani?"

"Alemba chigayo, koma pa Chigayo si pano."

"Nanga ichi chikulilachi ndi tchalitchi?"

Anyamata a mafosholo anaseka. Conrad anali pakhomo, manja m'matumba, nkhope yowala ngati wapeza mwana wamwamuna.

"Conrad, mwana wanga, auze. Iwe udziwa kumene anagundidwa Uchizi."

"Amama, ine ndilowelele bwanji za boma? Abwela okha, ayeza okha." Anamwetulila. "Komanso chigayo chimagaya. Chanu chija chimagaya chiyani masiku ano? Vitumbuwa?"

Kapitawo anapinda pepala lake. Ati tala ikawila sidikila milandu, wodandaula apite ku ofesi.

Anapitadi m'mawa mwake. Ulendo uno sanawasiye pa benchi. Anawalowetsa kwa injiniya, mnyamata waulemu wochokela ku Kopala, amene anali asanathe chaka m'Lundazi. Anawapatsa mpando, natsegula faelo, n'kutulutsa kalata ija. Inali itafiila m'mphepete.

"Amayi, kalata yanu ndi iyi. Ine ndinapita ndekha kukaona malo. Ndinayenda msewu wonse, kukwela ndi kutsika. Chigayo ndinapeza chimodzi chabe."

"Simunafunse munthu?"

"Ndifunse chiyani, chinthu chili ndi chikwangwani?"

"Mwana wanga anagundidwa kumunsi. Malole anu amaima kumunsi. Mjigo uli kumunsi."

"Manje mukanalemba kuti pa mjigo." Anatembenuza kalata kuti iwo aione, chala chili pa mawu aja. "Apa munalemba nokha. Ndipo woyamba kusaina ndi uyu, Faides Zimba. Mumamudziwa?"

A NyaZimba anayang'ana zilembo zawo zokhotakhota, zikuluzikulu kuposa za anthu onse. 

"Ndine."

Mnyamatayo anatsitsa mawu, ndipo ulemu wakewo ndiwo unawawa koposa. Ati pepani kwambili. Ati hampu sazula ngati chinangwa. Kuti aike ina, kalata yatsopano ilembedwe, ipite ku komiti, ikachoka ku komiti ipite ku msonkhano waukulu. Komanso msewu wa Kavuluvulu walandila kale gawo lake, misewu ina ikudikila pamzele.

"Ndiye liti?"

"Mwina chaka cha mawa. Mwina chinacho."

"Mwana wanga ayamba sukulu mu Januwale."

"Muzimugwila dzanja, amayi."

Pobwelela anakumana ndi a Jones panjila. Anawafotokozela zonse atayang'ana pansi, akudikila mawu aja akuti ndinanena ine. A Jones sanawanene. Anangovula chipewa, n'kuti, "Tilembanso, amama." Akanawanena bwenzi kuli bwino, munthu akanapeza woyambana naye.

Chimene palibe anachiganiza ndi ichi: mahampu a kumtunda anaonjeza liwilo la kumunsi. Dalaivala akadumpha awili aja, gu, gu, mtima umamupsa kuti wachedwa, ndiye amaponda mafuta chitunda chonse kuti abweze nthawi. Pofika pa thebulo la a NyaZimba galimoto imadutsa mpaka mapepala okulungila vitumbuwa kuuluka. Maminibasi nawo anayamba kuimila pa mahampu, poti achepetsa kale liwilo, makondakitala n'kumakuwa kuti, "Chigayo! Wotsika pa Chigayo!" Ogulitsa nthochi ndi chimanga chootcha anasamukila komweko. Kumunsi kunatsala malole.

Loweluka lina mu Disembala a NyaZimba anatenga khasu ndi wilibala yobweleka. Kuseli kwa mjigo kuli chulu. Anakumba dothi lake, lija louma ngati njelwa, n'kumalithila mumsewu kuchokela ngalande ino mpaka inayo. A Agatha anali kuthila madzi ndi kupondaponda, uku akunyoza.

"Injiniya wa ku Chikomeni! Sukulu ya mahampu munaiphunzila kuti, mlamu?"

"Pondani, lekani pakamwa."

Hampu yawo inali yokhota, mbali ina yaitali, koma inagwila ntchito. Masiku atatu galimoto zinagwada pa Chigayo. Ana anali kuoloka akuseka. Tsiku lachinayi kunabwela apolisi a khonsolo awili ndi anyamata a mafosholo, omwe aja anaseka kumtunda.

"Waika ichi ndani?"

"Ndine."

"Mukudziwa kuti kuononga msewu ndi mlandu? Wanjinga akagwa apa n'kuthyoka khosi, mudzayankha ndinu."

"Nanga mwendo wa mwana wanga anayankha ndani?"

Wapolisi wamkuluyo sanafune kukangana ndi mzimayi pagulu. "Amama, hampu ya boma ili ndi pepala. Yanu ili ndi pepala?"

"Pepala lake ndi lomwe lija linakwela chitunda," anatelo a Agatha.

Palibe anaseka. Kalata yopempha inatenga chaka ndi miyezi iwili kuti iyankhidwe, koma dothi lija analichotsa ola limodzi lisanathe, mpaka kusesa ndi tsache. Pochoka anawachenjeza kuti akabwelezanso adzawatengela ku khoti, ndipo thebulo lawo lidzachotsedwa pamalopo.

Januwale anafika ndi mvula yake. Tsiku lotsegulila sukulu Linah anavala yunifomu yakale ya Uchizi, yofika mpaka m'akakolo. A NyaZimba anamugwila dzanja mpaka m'mbali mwa tala. Kumanja lole, kumanzele lole. Kumbuyo kwawo kunaima ana ena khumi ndi angapo, amayi awo atapita kuminda. Kumtunda kunamveka gu, gu, kenaka injini ikukalipa.

Anasiya dzanja la mwana. Anamasula duku lawo lofiila, nalimanga ku mtengo wovuulila vitumbuwa, n'kutuluka pakati pa malole aja mpaka pakati pa msewu. Anaima, miyendo atatakataza, duku m'mwamba. Minibasi inalila mabuleki kuchokela patali, inatsetseleka pa tala yonyowa, n'kudzaima pafupi moti kutentha kwa injini anakumva m'maondo.

"Iwe mayi, wapenga? Ufuna kufela pa galimoto yanga?" anakalipa dalaivala.

"Olokani!" anakuwa a NyaZimba, osamuyang'ana n'komwe. Ana anaoloka, Uchizi pambuyo pa onse, akutsimphina, atagwila chikwama cha mng'ono wake.

Kondakitala anatulutsa mutu pawindo. "Bwana, musadabwe. Iyi ndi hampu yachitatu. A NyaHampu!"

Apaulendo anaseka, ndipo dzinalo linapita ndi minibasi mpaka ku Boma.

Kuyambila tsiku limenelo amaima mumsewu m'mawa ana akamapita, masana ang'ono akamaweluka, madzulo akulu akamabwelela. Palibe anawalemba ntchitoyo, palibe amawalipila. Madalaivala ena amawatukwana, ena amawaombela hutala kuchokela patali ngati moni. Wina anawakhudza ndi galasi la m'mbali, chigongono chinatupa sabata yathunthu. Akakhala mumsewu mafuta amapselela pa mbaula, vitumbuwa vimada, ndipo ogula ochepa amene anatsala amadandaula kuti vikuwawa. Kalata yachiwili a Jones anailemba, ulendo uno ndi mawu akuti moyang'anana ndi mjigo. Ili ku ofesi. Ati komiti sinakhale.

Tsiku lina la mu Malichi Linah anabwela kuchokela kusukulu milomo itatalika. Anakhala pa chisimenti, n'kumakanda dzimbili la bauti ndi chikhadabo.

"Amama, aphunzitsi anafunsa aliyense kumene akhala."

"Unati chiyani?"

"Ndinati pa Chigayo. Anzanga anaseka, ati ndine wabodza, pa Chigayo ndi kumtunda kwa mahampu."

A NyaZimba anasiya kutembenuza vitumbuwa. "Ndiye?"

"Ndiye ndinati pa NyaHampu. Onse anadziwa. Ndi aphunzitsi omwe anadziwa."

A Agatha anayamba kusanja tomato wosanjidwa kale.

A NyaZimba anayang'ana mabauti anayi aja nthawi yaitali. Mafuta anayamba kutuluka utsi, koma sanaphule poto. Kutsidya kwa msewu, pa mjigo, ana a giledi folo anali ataima kale m'gulu, akuwayang'ana. Kumtunda kunamveka gu, gu. Anapukuta manja m'chitenje, natola mtengo wa duku lofiila.